Galimoto Yotsala ya a Chikwemba

Ngongole ya ndalama siivuta. Munthu akakana kulipira umangolawira kwawo, n'kumasula mbuzi yake, nkhani yatha. Yovuta ndi ngongole ya mawu, chifukwa mawu alibe chingwe choti ukokere kwanu. Imeneyo ndiyo anali nayo kwa ine a Chikwemba, ogulitsa magalimoto pa msewu wa Ulemerero, mlamu wake wa mfumu yathu. Anandilonjeza anthu akumva, chikhato chili pa katundu, ndipo nthawi yokwaniritsa itakwana, bambo wamkulu ndi ndevu zake anapita kukagwira dzuwa mwendo kuti lisayende.

Kwa inu amene simunafikeko, dziko lathu ndi la Tiwonekere, ndipo mwini wake ndi Mfumu Nthawinjanga Wachiwiri. Kuno zaka sitiwerenga ndi manambala ngati kwa anzathu. Chaka chimayamba pa tsiku lobadwa la mfumu, ndipo mfumuyo ikalandira mphatso zake imachipatsa dzina. Tinali ndi Chaka cha Chitukuko. Chitatha kunabwera Chaka cha Chitukuko Chenicheni. Zanga zinachitika m'Chaka cha Chitukuko Chooneka ndi Maso, chaka chimene mlatho wa kwathu unapita ndi madzi, tonse tikuona ndi maso.

Lamulo la kubwalo limati nduna iliyonse izikwera galimoto ya chaka chomwecho, dzina la chakacho litalembedwa pachitseko ndi utoto wagolide. Nduna ikapezeka m'galimoto ya chaka chatha, akuti ikulengeza kuti dziko labwerera m'mbuyo, ndipo ndi mlandu waukulu. Ndiye chaka chikamayamba a Chikwemba amaitanitsa magalimoto kunja, nduna iliyonse yakeyake, boma n'kulipira mtengo umene iwo alota usiku umenewo. Nduna sinenerera mtengo. Akuti kunenerera n'kwa ife ogulitsa nyemba. Magalimoto akale amapita kwa akazi achiwiri a nduna, amene malinga ndi lamulo kulibe.

Chaka chimenecho imodzi inatsala. Anaitanitsira Nduna ya Mvula, koma galimoto ili m'njira mvula inagwa pa chionetsero cha mfumu popanda chilolezo, ndunayo n'kuchotsedwa, unduna wake n'kuthetsedwa. Galimoto inafika mwini wake ali kumudzi akupalira mbatata. Anaiimika kuseri kwa galasi lalikulu, yakuda bii, yaitali ngati mdipiti wa maliro a munthu wolemera. M'kati munali kafiriji, ndi mipando yoti ukakhalapo imakutenthetsa matako, m'dziko loti ngakhale mwala wokhalira umatentha wokha.

Ine ndine Nagama, wa nyemba ndi mpunga pa msika wa Tsitsaniko. Mwana wamwamuna ndili naye mmodzi, Damiyano. Kuyendetsa galimoto anaphunzira, layisensi ali nayo, koma ntchito kuno imafuna ukhale ndi malume kubwalo, ndipo malume ake a Damiyano amasoka nsapato. Ndiye mnyamata anayamba kukamba zopita kumigodi ya kunja. Kumeneko n'komwe anapita bambo ake iye ali pamsana, ndipo mpaka lero ngakhale chipewa chawo sichinabwereko.

"Amayi, ndikhalirenji kuno?" ankatero. "Ndizidya nyemba zanu mpaka ndimere imvi?"

"Nyemba zanga zakulakwira chiyani?"

"Sizinandilakwire. Koma anzanga akutumiza njinga kwawo."

"Abambo akonso ankati atumiza njinga."

Ndinaganiza za maukwati. M'Tiwonekere banja limalolera kudya therere mwezi wathunthu, bola mkwatibwi atsike m'galimoto yaikulu anthu akuona. Loweruka lililonse kuli ukwati, ndipo magalimoto oterowo ndi osowa. Ndinati mwana wanga akakhala ndi yakeyake, basi yopita kumigodi idzamuona kumbuyo kokha. Ndinagulitsa puloti yanga ya m'mbali mwa msewu ndi ng'ombe zomwe ndinali nazo, a kubanki n'kundimangira ndalama m'mitolo. Ndinaziika m'thumba la mpunga, n'kuuza Damiyano kuti avale malaya oyera.

A Chikwemba anatilandira ataima, dzanja lili m'thumba.

"Mayi, ngati mwabwera ndi mpunga, khomo la kukhitchini lili kuseri."

"Ndabwera kudzaona katundu wotsalayu. Mukuchita bwanji?"

"Wotsala?" Anayang'ana anyamata awo opukuta magalimoto, iwo n'kuyamba kuseka mwa ntchito. "Iyi ndi galimoto ya nduna. Mitolo makumi atatu."

"Umenewo ndi woyambira. Nanga wotsirizira?"

"Kuno si ku Tsitsaniko, mayi. Woyambira ndiye wotsirizira."

Ndinaizungulira. Ndinaponda tayala. Ndinatsegula chitseko n'kununkhiza, chifukwa katundu yense amayamba kulankhula ndi fungo. Damiyano anali atagwira chiwongolero ndi zala ziwiri ngati akugwira mwana wakhanda wa eni ake.

"Bambo," ndinatero, "nsomba ya m'mawa ndi ya madzulo mtengo sufanana."

"Galimoto siwola."

"Chitsulocho sichiwola. Chikuwola ndi dzina mwalemba pachitsekoli. Chaka chikatha, ndi nduna iti idzakwere? Nditsitsireni lero, mugone tulo."

Anthu odutsa anali atayamba kuima pakhomo, chifukwa mayi wa chitenje akamaponda tayala la galimoto ya nduna, ndi chionetsero chaulere. A Chikwemba akaona anthu amatupa ngati thumba la chimanga chonyowa. Anamenya boneti ndi chikhato, phaa! Chikhatocho n'kuchisiya pomwepo.

"Tamverani nonse! Chaka chino chikatha galimoto iyi ikadali pano, mayi awa adzabwere, adzanene okha mtengo, ine n'kulandira ndi manja awiri!"

Anyamata aja anasiya kuseka. Kuno kwathu munthu akalonjeza chikhato chili pa katundu, mawuwo sabwezedwa. Wowaphwanya palibe amamugulitsanso kanthu pamsika, ngakhale mchere wa tambala, ndipo mwambo umenewu ndi wakale kuposa mpando wa mfumu. A Chikwemba ankaudziwa. Kungoti ankadalira mlamu wawo, amene amaikira maunduna ngati nkhuku yachizungu. Ankati mwezi usanathe kubadwa nduna ina yofuna galimoto. Chimene sanawerengere n'chakuti chaka chimenecho abale onse a mfumu anali atapatsidwa kale mipando, mpaka msuweni wina wosamva amene anamuika kukhala Nduna ya Madandaulo.

Panjira ndinamugwira Damiyano pamkono.

"Udikire chaka chithe."

"Chabwino, amayi. Koma chikatha galimoto palibe, musandiletsenso."

Kuyambira pamenepo njira yanga yopita kumsika inasintha. M'mawa uliwonse ndinkadzera ku Ulemerero, dengu lili pamutu, n'kugogoda pagalasi.

"Mwadzuka bwanji, a Chikwemba? Nanga mlendo wangayu wagona bwanji?"

Poyamba ankayankha ndi nthabwala. Kenako ankangokweza dzanja. Mvula yoyamba itagwa anayamba kubisala kuseri kwa kabati akandiona. Ndinamva kuti anayesa kuigulitsa kwa mkulu wa asilikali, kwa abusa a mpingo wina wa chihema, mpaka kwa mwini mabokosi a maliro. Onse ankayang'ana dzina la pachitseko, n'kuwerenga masiku otsala, n'kuwauza kuti aganiza kaye.

Tsono pa msika wathu pali chokuzira mawu chimene anachimangirira pamtengo wa magetsi, chotiuza zonse zokambidwa kubwalo. Chozimitsira chake anachichotsa tsiku lomwe anachimanga. Tsiku lotsiriza la chaka, ine ndikuyeza mpunga mtima uli m'malere, chinayamba kukhosomola. Bwalo linali litakhala. Tinamva nduna zikuwomba m'manja, kenako mawu a a Chikwemba, ofewa ngati batala.

"Mwini Dzuwa ndi Mwezi, ine ndi kapolo wanu wogulitsa zitsulo, koma mtima ukundiwawa. Chaka ichi munachipatsa dzina ndinu. Chakoma kuposa zaka zonse. Sichinang'ambike, sichinasuluke. Nanga tichitayirenji chaka chabwinobwino chonchi ngati malaya akale? Mayiko osauka ndi amene amasintha chaka pafupipafupi, chifukwa zaka zawo n'zosalimba."

"Zoona! Zoona!" zinatero nduna.

"Nduna ya Masiku," inatero mfumu, "kodi n'zotheka?"

"Mwini Dzuwa ndi Mwezi, kalendala ndi pepala. Inu ndinu mfumu."

Apo panamveka mawu a Mfumukazi, mlongo wawo wa a Chikwemba. "Ndifunseko. Chaka chikapanda kutha, ndiye kuti munthu sawonjezera zaka zake?"

"Sawonjezera, Mayi wa Dziko."

"Ine ndagwirizana nazo."

Anafunsa maganizo a Nduna ya Chuma. Tinamva mkonono, kenako wina akuigwedeza, ndipo inadzidzimuka n'kuyamba kuwomba m'manja. Anati yavomera. Mfumu inatsokomola n'kulamula kuti: "Chaka cha Chitukuko Chooneka ndi Maso chipitirire mpaka munthu aliyense atachiona chitukukocho."

Abiti Ndembo, mnzanga wa nsomba zouma pa benchi loyandikana ndi langa, anaika pansi mbale yoyezera.

"Basi, Nagama. Tifera m'chaka chomwechi."

"Bola," anatero wogulitsa nyama kutsidya. "Mwana wanga analephera mayeso. Tsopano ndiziti sanabwereze kalasi, chabwereza ndi chaka."

Msika wonse unaseka, kupatula ine. Ndinasiya mpunga osavundikira n'kuthamangira ku Ulemerero. Ndinapeza a Chikwemba angofika kumene, akupukuta thukuta la kubwalo.

"Mayi! Mwabwera kudzaona mlendo wanu? Ali bwino. Akadali wa chaka chino. Mitolo makumi atatu."

"Munamenya boneti."

"Ndinamenya, ndipo sindikukana. Chaka chikatha mudzabwere." Anamwetulira mano onse. "Chikatha."

Kunyumba ndinapeza Damiyano akupaka polishi nsapato zake za ulendo.

"Amayi, tinapangana."

"Tinapangana kuti chaka chikatha. Chatha?"

Anaika nsapato pansi. "Mwayamba kulankhula ngati nduna."

"Usanditukwane, iwe."

"Ndiye mverani. Mango awa akatha mumtengo ndikupita, chaka chithe kaya chisathe. Mango samvera chokuzira mawu."

Ndinayang'ana mtengo wa pabwalo. Mango anali atayamba kale kupsa. Kuyambira tsiku limenelo mwana wa mneba aliyense wogenda mtengowo ankakumana ndi chikoti changa.

M'mawa mwake linayenera kukhala tsiku lobadwa la mfumu. Akuti inadzuka molawirira, inavala mkanjo wake wa nthenga, n'kulamula kuti ayale mkeka waukulu woikapo mphatso. Inakhala. Dzuwa linafika paliwombo mkeka uli mbee. Itafunsa, Nduna ya Masiku inagwada n'kufotokoza kuti tsikulo lili m'chaka chamawa, ndipo chaka chamawa, mwa nzeru zakuya za Mwini Dzuwa ndi Mwezi, sichinaloledwe kulowa. Mfumu inati inkadziwa, imangofuna kuuyanika mkekawo.

Sabata yomweyo kumsika kunabwera a Pindani, okhometsa msonkho. Ife timalipira msonkho wa benchi kamodzi pachaka, ndipo ukalipira amakukhomera kachitsulo kolembedwa dzina la chakacho. A Pindani anayambira pa ine, mwina chifukwa nkhope yanga inali itawaitana.

"Msonkho wa chaka, mayi."

"Chaka chiti?"

"Chino."

"Tawerengani apa, inu munapita kusukulu."

Anawerama, n'kuwerenga kachitsulo kanga mokweza: "Chaka cha Chitukuko Chooneka ndi Maso."

"Nanga tili m'chaka chanji?"

Anakanda m'mutu. "Chomwecho."

"Ndiye ndinalipira. Sunthani, mukutchingira makasitomala."

Musaganize kuti ndinali ndi nzeru yogwetsera boma. Ndinali ndi mkwiyo basi, ndipo tsiku limenelo ngakhale mpongozi wanga akanadzuka kumanda kudzapempha mchere akanabwerera chimanjamanja. Koma Abiti Ndembo anamva, ndipo zimene wamva Abiti Ndembo wamva msika wonse. A Pindani anayenda benchi ndi benchi akuwerengetsedwa tizitsulo ngati mwana wa sitandade wani. Pofika madzulo anali atasasa mawu, thumba lili pepuu. Wogulitsa nyama anawamvera chisoni n'kuwapatsa kachiwindi.

Za kumsika zinafika kwa a njinga zakabaza, za akabaza zinafika kwa eni magolosale, eni zigayo, ophika kachasu. Aliyense wolipira kanthu pachaka anakhala wokhulupirika kwa mfumu mwadzidzidzi. Ukawafunsa msonkho ankavula chipewa n'kunena kuti sangayerekeze kutsutsa lamulo la Mwini Dzuwa ndi Mwezi. M'dziko lathu simunaonekepo kumvera kotere.

Amene analira kwambiri ndi a Chikwemba omwewo. Pothamangira kutseka chaka anaiwala kuti magalimoto atsopano a nduna anali kale m'njira. Anafika pachipata cha dziko zitseko zili zosalemba, chifukwa chaka choti alembepo kunalibe. Nduna sizikanagula galimoto ya chaka chosabadwa, ndipo za chaka chino zinali nazo kale. Magalimoto anangoima pachipata, eni malo akuwerengera lendi dzuwa lililonse. Kuti asataye imodzi, bamboyo anatsekera khola lonse panja.

Mango anali atatsala a kunsonga okha pamene chokuzira mawu chinakhosomolanso. Ulendo uno woyamba kulankhula anali Nduna ya Chuma, ndipo ambiri tinadabwa, chifukwa mawu ake tinali tisanawamvepo ili maso.

"Mwini Dzuwa ndi Mwezi, mosungira chuma mwalowa mleme, ndipo watulukamo wokha chifukwa cha njala."

"Anthu akukana msonkho?"

"Ayi, Mwini Dzuwa ndi Mwezi. Akumvera lamulo lanu."

"Onse?"

"Mpaka ana."

"Anawauza ndani kuti azimvera chonchi?" inakalipa mfumu.

A Chikwemba anapempha kulankhula. Anati agona akuganiza, ndipo aona kuti chaka chili ngati mlendo, chikakhalitsa chimayamba kutsegula miphika. Mfumukazi inati m'bale wake wapenga, chaka chili bwinobwino. Anakangana pamaso pa bwalo mpaka anafika pa nkhani ya mbuzi ya malemu mayi awo, ife kumsika tikumva zonse, malonda ataima. Pomaliza mfumu inamenya ndodo pansi.

"Ndafufuza, ndipo ndapeza kuti aliyense wachiona chitukuko. Amene sanachione akaonane ndi Nduna ya Madandaulo. Chaka chatha. Koma popeza dziko lachedwa, tithamange. Mawa kulowa zaka ziwiri. Kuyambira m'mawa mpaka masana ndi Chaka cha Chitukuko Chobwezeretsa. Kuyambira masana ndi Chaka cha Chitukuko Chothamanga. Msonkho kawiri. Mphatso za tsiku lobadwa kawiri."

Nduna ina inafunsa ngati magalimotonso akhale awiriawiri. Nduna ya Chuma inati ayi, galimoto ndi ya chaka cha masana chokha, ndipo m'chaka cha m'mawacho nduna zonse zikhale m'nyumba, makatani otseka, kuti zisaoneke zikuyenda pansi. Mfumukazi inakalamba zaka ziwiri tsiku limodzi, ndipo akuti mpaka pano siyankha moni wa m'bale wake.

M'mawa a Pindani anabwera ndi tizitsulo, masana anabweranso ndi tina. Tinalipira kawiri, tikutukwana chamumtima. Abiti Ndembo anandiloza ndi mlamba wouma.

"Nagama, galimoto yakoyo taigula ndife."

"Mwana wako akamadzakwatiwa ndidzakutsitsirako."

"Kutsitsa? Osati ulere?"

"Petulo amagulitsa, mwali."

Ndinasenza thumba langa la mpunga, Damiyano pambuyo, ndipo pambuyo pa Damiyano theka la msika, chifukwa anthu atalipira msonkho kawiri ankafuna kuonako chinthu chaulere. Tinapeza a Chikwemba ataonda khosi, kolala ikuchita kuzungulira yokha.

"Mayi," anayamba, "inu ndi ine ndife anthu amalonda. Tisachititsane manyazi. Mitolo makumi awiri ndi isanu, ndipo ndalira."

"Kodi munati anene mtengo ndani?"

"Ndinkacheza."

"Chikhato chinali pati?" anafunsa wogulitsa nyama kuchokera kumbuyo. "Tiuzeni, bwana, tidziwe ngati mawa tikugulitseni mchere."

Anthu anayamba kukuwa. "Nenani nkhuku imodzi, Nagama!" "Nkhuku yachuluka, nenani dzira!"

Ndinawakwezera dzanja kuti akhale chete, n'kuyamba kuizungulira galimoto ija pang'onopang'ono. Matayala anali ataphwa chifukwa choima. Damiyano anapotokola kiyi, galimoto n'kungoti kwe, basi.

"Batire lafa, amayi."

Nditatsegula kumbuyo, khoswe anatuluka pansi pa mpando, wonenepa, wosathamanga n'komwe, ngati mwini nyumba amene wasokonezedwa tulo.

"A Chikwemba, katundu wanu ndi wa zaka ziwiri zapitazo."

"Zaka ziwiri bwanji? Dzulo lomweli inali ya chaka chino!"

"Mukatsutse kubwalo. Ine ndimamvera mfumu." Ndinaika thumba pansi. "Mitolo khumi."

Bamboyo analumpha ngati waponda khala la moto. "Khumi! Mukufuna kundipha? Ine ndemwe ndinaigula pa khumi ndi itatu, mpaka kufika nayo pano!"

Kenako Abiti Ndembo anati, "Ooo." Anthu onse n'kuti, "Ooooo." A Pindani, amene anatitsatira ndi thumba lawo la msonkho, anayamba kuwerenga zala, milomo ikuyenda, akuchotsa khumi ndi itatu pa makumi atatu, kenako anayang'ana thumba lija ngati akuliona koyamba. A Chikwemba anagwira pakamwa, koma mawu anali atafika kale kumsewu.

Khumi ija sindinainene kuti ndigulire. Wamalonda aliyense ukamutchulira mtengo wopweteka amakuwa ndi mtengo umene anagulira, kaya ndi wa tomato kaya ndi mlamu wa mfumu. Mwambo unkandilola kuumirira pa khumi pomwepo, ndipo anthu ankafuna ndiumirire. Koma katundu wogula ndi misozi ya mwini wake sayenda mtunda wautali. Komanso m'dziko lonse la Tiwonekere zitsulo za galimoto imeneyi amagulitsa ndi munthu mmodzi, ndipo anali ataima patsogolo panga.

"Tamverani, bambo. Ine si wakuba. Ndikupatsani khumi ndi itatu yanuyo, ndi mtolo umodzi pamwamba, chifukwa wamalonda sabwerera kwawo wopanda phindu. Koma muike matayala ena ndi batire lina, ndipo dzina lagolideli mulifute. Mkwatibwi sangakwere chitukuko cha dzana."

"Khumi ndi isanu."

"Damiyano, nyamula thumba. Tibwerere ku khumi."

"Khumi ndi inayi! Ndavomera, khumi ndi inayi!"

"Ndi manja angati?"

Anayang'ana anthu, anayang'ana kudenga, kenako anatambasula manja onse awiri. Ndinawaikira mitolo ija umodziumodzi, mpunga ukuyoyoka pansi. Yotsala ndinaimangirira m'chiuno.

"Nanga basela?" ndinafunsa. "Petulo wodzaza thanki."

"Mayi, basela ndiye ayi. Ngakhale mundipachike."

Ndinawasiya. Munthu ukamulanda nyama umamusiyira fupa loti akaonetse mkazi wake.

Anyamata aja anasintha matayala, wina n'kupala utoto wagolide ndi kampeni. Batire latsopano linapezeka kuti lili m'magalimoto a kuchipata, ndipo anati libwera mawa.

"Mawa la kuno ndimalidziwa," ndinatero. "Katundu amaperekedwa pamsewu. Kankhani."

"Anyamata, kankhani!" anatero a Chikwemba.

"Anyamata sanamenye boneti."

A Chikwemba anavula jekete. Ine ndinakhala kumbuyo, kumene imakhala nduna, Damiyano kutsogolo. Mlamu wa mfumu anaika zikhato zonse ziwiri pa katundu wake n'kuyamba kukankha, msika wonse ukumuimbira nyimbo yokokera ngolo. Tinatuluka pakhomo, tinatsetsereka ndi msewu wa Ulemerero, galimoto inadzuma, inatsokomola, kenako inalira bwinobwino ngati mphaka wokhuta. Ndinatsitsa galasi. Bamboyo anali atagwira mawondo pakati pa msewu, akupuma ngati ng'ombe yapagoli.

"Tathana, mayi?"

"Batire likafika, tathana. Ngongole ya mawu ija ndiye mwalipira."

Ndinayang'ana Damiyano. Anali atagwira chiwongolero ndi manja onse, msana uli chilili, ndipo ndinaona pagalasi kuti akudziletsa kumwetulira kuti ndisamuone.

"Tilowere kuti, amayi? Kunyumba?"

"Kunyumba kuli ukwati? Dzera ku tchalitchi, ofuna kukwatirana ali pa maphunziro a chinkhoswe lero. Ndipo uyende pang'onopang'ono, aione bwino."